Lipoti la ulendo wa ku Addis Ababa: mmene anzathu amamwera khofi ndi mmene amamusungira

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma, ndi inu nonse amayi ndi abambo a gulu lathu la alimi a khofi kuno ku Ntchisi, ndabwerako bwino ku Ethiopia kumene munandituma, ku msonkhano wa alimi, ogula ndi okazinga khofi. Lipotili ndalilemba kuti nawonso a kumidzi yakutali amene sangafike ku msonkhano wathu aliwerenge pafoni.

Munandisenzetsa mafunso awiri. Loyamba, anthu amene khofi wathu amakathera m'manja mwawo amamumwa bwanji? Lachiwiri, zinatani kuti khofi amene tinakazinga chaka chatha n'kukamugulitsa pa boma, ogula azibwerera n'kudandaula kuti alibe fungo? Mayankho onse ndabwera nawo, ndipo akukumana pa mfundo imodzi imene ndikupempha kuti tiilandire mopanda manyazi: ife timalima khofi koma sitimumwa, choncho akawonongeka sitidziwa, akakoma sitidziwanso.

Si vuto loti tinaliyamba ndife. Khofi anafika m'dziko muno mu 1878, mbande zitachokera ku Edinburgh kudzabzalidwa ku Blantyre Mission, ndipo pofika 1900 ndiye anali patsogolo pa mbewu zotumizidwa kunja, fodya, thonje ndi tiyi zisanamulande malo. Chiyambire anali mbewu ya m'sitima, yolimira anthu akutali. Mpaka lero m'mawa timamwa tiyi, ndipo amene wafuna khofi amakagula wa m'chitini wongosungunula, pamene mitengo ya khofi wa mtundu wa arabica ili kuseri kwa nyumba yake.

Ku Ethiopia si choncho. Kumeneko ndi kwawo kwa arabica, m'nkhalango za kumwera chakumadzulo, madera a Kaffa. Ngakhale khofi wa mtundu wa Geisha amene enafe tili naye m'minda dzina lake linachokera ku Gesha, komweko. Dzikoli ndi loyamba pa ulimi wa khofi mu Africa, koma pafupifupi theka la khofi amene amakolola amamumwa okha. Izi munthu sachita kuwerenga m'buku, zimaoneka mumsewu. Pakhonde la sitolo, pafupi ndi msika, pakhomo la ofesi, mupeza mayi atakhala pa kampando, mbaula ili patsogolo, akuphika khofi amene iwo amamutcha buna.

Tsiku lina madzulo amayi a kopaletivi ina ya kumwera anatikonzera mwambo wonse, ndipo ndikufotokozerani bwinobwino chifukwa yankho la funso lanu lachiwiri lili mmenemo. Anayala udzu wauwisi pansi, n'kuyatsa lubani. Mayi wophikayo anatenga khofi wosakazinga wodzaza manja awiri basi, n'kumutsuka, n'kumuika pa chiwaya pamoto wa makala. Ankatakasa osalekeza mpaka njere zitathetheka ndi kuda. Kenako ananyamula chiwayacho utsi ukufuka n'kuzungulira nacho, aliyense akukokera utsiwo kumphuno ndi dzanja. Atatero anasinja mu kamtondo, n'kuthira mu jebena, mphika wadothi wa khosi lalitali, n'kuwiritsa. Utawira anauphula n'kuupendeketsa pang'ono kuti masenga akhazikike pansi, ndiye n'kuyamba kuthira m'timakapu topanda zogwirira. Amamwa maulendo atatu, abol, tona ndi baraka, akuonjezera madzi mumphika womwewo, ndipo mlendo waulemu sanyamuka asanamwe kachitatu. Chodyera chake chinali mbuliwuli. M'tauni ambiri amathira shuga, koma kumidzi ina amathira mchere, ena batala.

Taonani zimene mayi uja sanachite. Sanakazinge thumba lonse. Sanasinje wa mawa. Kuchoka pa chiwaya kufika pakamwa sipanathe ola. Alibe makina, alibe mapaketi, koma khofi wake anali ndi fungo limene ine, mlimi wa khofi, ndinali ndisanalimvepo. Zipangizo zake zonse, chiwaya, mbaula, mtondo ndi munsi, zili m'khitchini mwa aliyense wa ife.

Za maiko ena ndinazimva m'zokambirana komanso polawa pa matebulo achionetsero. Ku Italy amamwa espresso, kakhofi kochepa kowawa kamene makina amakafinya ndi mphamvu, ndipo ambiri amamwa choimirira n'kumapita. Wa mkaka, cappuccino, ndi wa m'mawa. Chizolowezi chimenechi chinatsalirako ku Addis Ababa, popeza Italy inalanda Ethiopia kuyambira 1936 mpaka 1941, moti macchiato, espresso wothira mkaka pang'ono, amapezeka paliponse mumzindawo. Ku Turkey amamupera mpaka akhale ufa wosalala, n'kumuwiritsa m'kapoto kotchedwa cezve osasefa, ndipo UNESCO inaika mwambowu pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kutetezedwa mu 2013. Aluya a ku Saudi Arabia ndi Oman amakazinga mopepuka, amathira zonunkhiritsa zotchedwa cardamom, amamwera zipatso za kanjedza, ndipo mlendo akakhuta amagwedeza kapu kuti asamuonjezere. Ku Vietnam, dziko lachiwiri pa ulimi wa khofi pambuyo pa Brazil, amalima kwambiri khofi wa mtundu wa robusta, amamudonthezera mu kasefa kachitsulo pamwamba pa mkaka wa kondensi, kawirikawiri n'kuikamo ayezi. Ku Senegal kuli café Touba wothira tsabola wa kwawo wotchedwa djar. Anansi athu a ku Tanzania, makamaka kugombe, amagulitsa kahawa mumsewu m'timakapu ting'onoting'ono pamodzi ndi kashata, switi ya mtedza kapena kokonati. Ku Yemen sataya ngakhale makoko: amawaumitsa n'kuwawiritsa ndi jinja, chakumwa chotchedwa qishr. Ndinaganizira mulu wa makoko umene umaolera kufakitale kwathu, ngakhale kuti ifenso timapindula nawo ngati manyowa.

Amene akutikhudza kwambiri ndi a kumpoto kwa Ulaya. Ku Finland munthu mmodzi amamwa khofi wokwana pafupifupi makilogalamu 12 pachaka, kuposa pafupifupi dziko lina lililonse, ndipo kumeneko ndi ku Norway amakonda wokazinga mopepuka, wosefa. Kukazinga kopepuka sikubisa kanthu. Khofi akapsa kwambiri, kuwawa kwa moto kumaphimba zolakwika. Akakazingidwa pang'ono, chilichonse chimene chinamuchitikira m'munda, pathandala ndi mosungira chimamveka m'kapu. Arabica wotsuka wa kumapiri ngati wathuyu amapita kwa anthu otere, ndipo iwo ndi amene amalipira bwino akakhutira.

Ndinakhala nawo pa kulawa kumene ogula amachita asanatchule mtengo. Amayeza magalamu 8.25 a khofi wopera pa madzi otentha okwana mamililita 150, amadikira mphindi 4, amaswa thovu la pamwamba ndi supuni akununkhiza, kenako amapsontha mwaphokoso n'kulavula. Amapereka mapointi mpaka 100, ndipo khofi wofika 80 ndi amene amalowa mgulu la khofi wapamwamba, wa mtengo wake wapadera. Dala anatiikira makapu a khofi wolakwika kuti tiphunzire. Ina inkamveka chuku. Ina inkamveka saka, kakomedwe ka udzu wouma ka khofi wogonera chaka. Ina inkanunkha palafini. Mtima unandipweteka, abale anga, chifukwa ndinadziwa kuti mtengo wa thukuta lathu umagamulidwa pa supuni imeneyi, pamene pagulu lathu lonse palibe amene anaigwirapo.

Tsopano za khofi wathu wa chaka chatha. Tinakazinga wambiri tsiku limodzi, tinakamugayitsa yense, tinamuika m'majumbo oonekera omanga ndi mphira, ndipo ankakhala pa benchi padzuwa milungu ingapo. Okazinga amene ndinawafotokozera sanadabwe. Zimene zimapha khofi wokazinga ndi mpweya, chinyezi, kutentha ndi kuwala, ndipo ife tinamupereka kwa zonsezi. Fungo la khofi limakhala m'mafuta ndi m'timpweya totsekeredwa mkati mwa njere. Mukapera mwatsegula njere yonse, fungo limayamba kuthawa nthawi yomweyo, ndipo mafuta aja akakumana ndi mpweya amayamba kuvunda. Amayi mukudziwa kuti mtedza wa m'makoko umatha chaka uli bwinobwino, koma nsinjiro sizichedwa kusasa. Khofi ndi chimodzimodzi. Wosakazinga wouma bwino amakhala miyezi yambiri, wokazinga wosapera amakoma kwambiri mkati mwa mwezi woyamba, wopera amayamba kuzilala tsiku lomwelo.

Pali chinanso chimene sindinkachidziwa. Khofi akangochoka pamoto amatulutsa mpweya wa carbon dioxide kwa masiku angapo. Mukamutsekera m'paketi nthawi yomweyo, paketi imafufuma, mwina kuphulika. N'chifukwa chake mapaketi a khofi wabwino amakhala ndi kabowo kokhala ndi valavu, kamene kamatulutsa mpweya wa mkati koma osalowetsa wa kunja. Mapaketiwa sakhala oonekera, ndipo okazinga osamala amalembapo tsiku limene anakazinga, chifukwa wogula wodziwa amayang'ana tsikulo kuposa tsiku lothera ntchito.

Pakhomo sipafunika zonsezi. Botolo lagalasi kapena chitini chotseka bwino, chouma, choikidwa m'kabati kutali ndi moto ndi zenera, n'chokwanira. Ogula athu a m'tauni tiziwauza kuti asamaike khofi m'filiji. Khofi amayamwa fungo la zinthu zoyandikana naye, nsomba, anyezi, ndiwo za dzulo, ndipo nthawi iliyonse akatulutsidwa amachita thukuta, chinyezi n'kulowa. Wofuna kusunga nthawi yaitali angathe kumugawa m'timapaketi totseka kwambiri n'kuika mu fuliza, koma kapaketi kamene katuluka kasabwererenso.

Koma ine ndikuona kuti ndalama zambiri sitikuzitayira pa khofi wokazinga. Tikuzitayira mosungira parchment wathu, khofi wotsuka ndi kuumitsa amene akadali ndi kakhungu kake kopyapyala. Khofi ayenera kuchoka pathandala chinyezi chake chili pakati pa 10 ndi 12 peresenti. Akapitirira pamenepo amachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa ochratoxin A, amene maiko a European Union anamuikira malire m'malamulo awo. Akauma mopitirira amatuwa, amasweka pomenya, ndipo timaluza pa sikelo. Ife timayeza ndi mano. Kuluma njere kumathandiza, sindikunyoza nzeru za makolo, koma dzino silisiyanitsa 12 ndi 14, pamene wogula ali ndi mita yoyezera chinyezi m'thumba. Ndiponso khofi wouma bwino amabwereranso kuyamwa chinyezi mvula ikayamba mu Novembala ngati ali m'saka wamba. Masaka azikhala pa matabwa, asagunde khoma kapena pansi, ndipo m'chipindamo musakhale feteleza, mankhwala a mbewu, palafini, fodya kapena usipa. Ndanena fodya dala, chifukwa kwathu kuno nyumba zambiri chipinda chosungira ndi chimodzi.

Ogulitsa kunja ambiri tsopano amaika khofi m'matumba apulasitiki osalowa mpweya, monga a GrainPro, kenako n'kulowetsa m'saka. Nzeru yake ndi yomwe ija ya matumba a PICS amene timasungira chimanga, choncho si zachilendo kwa ife. Chenjezo n'lakuti khofi wosauma mukamutsekera m'thumba lotere amawonongeka msanga kuposa wa m'saka, ndiye mita iyambe, matumba atsatire.

Pempho langa ku komiti ndi ili. Tigule mita imodzi yoyezera chinyezi, ikhale ya gulu, izisungidwa kufakitale, ndipo khofi asamachoke pathandala asanayezedwe. Kukazinga kogulitsa tisakusiye, koma tizikazinga pang'onopang'ono sabata iliyonse malinga ndi maoda, tizigulitsa wosapera kwa amene angathe kusinja okha, wopera tiziperera pamaso pa wogula, ndipo paketi iliyonse izikhala ndi tsiku. Powerengera mtengo tisaiwale kuti khofi amapepuka ndi 15 mpaka 20 peresenti pokazinga; chaka chatha izi sitinaziike m'masamu. Ndikupemphanso kuti tisankhe achinyamata awiri, mtsikana ndi mnyamata, amene tingawapezere maphunziro a kulawa. A Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union ali ndi luso limeneli ndipo amakazinga khofi wogulitsa m'dziko muno, choncho a Mlembi angathe kuwalembera kalata yofunsa ngati angatithandize.

Chimene ndikuchiumirira kwambiri sichifuna ndalama. Pa msonkhano wathu uliwonse, m'malo mwa tiyi, tiziphika khofi wa m'munda mwa mmodzi wa ife, mosinthana, ndipo tizinena poyera mmene wamvekera. Poyamba ena adzati akuwawa, adzathira shuga wambiri, palibe cholakwika. Pakutha kwa nyengo imodzi lilime lidzayamba kusiyanitsa khofi wothyola atapsa bwino ndi wosakaniza ndi wauwisi, wa pathandala loyera ndi wa m'chipinda cha fodya. Pamenepo wogula akadzati khofi wathu watsika, tidzatha kulawa naye limodzi n'kuvomera kapena kukana tikudziwa chimene tikunena.

Malisiti a ulendo ndawapereka kwa a Msungichuma pamodzi ndi ndalama zimene zinatsala. Ndabwera ndi jebena imodzi, timakapu take, ndi mapaketi opanda kanthu a valavu oti tione zitsanzo. Ngati a Wapampando avomera, Loweruka loyamba la mwezi wamawa tidzakazinge ndi kulawa kufakitale. Aliyense adzabwere ndi parchment wodzaza kapu imodzi wa m'nyumba mwake, m'pepala lolembedwa dzina, ndipo amayi awiri atithandize ndi mbaula, chiwaya ndi mtondo wosasinjiramo tsabola.

Zikomo kwambiri pondituma.