Usagulitse malo, mwana wanga

Mwana wanga,

Chiyankhulire nawe pafoni Lamulungu lija, tulo tandithawa. Wati ntchito yako ya ku pulojekiti yatha chifukwa thandizo lakunja laima, ndipo ukufuna kugulitsa puloti, utenge apongozi anga ndi ana mupite ku Johannesburg. Ndasankha kulemba, poti pafoni mawu amandithera pakhosi.

Sindikukuimba mlandu ayi. Pamene Donald Trump ankasaina lamulo loimitsa thandizo lopita kumaiko ena pa 20 Januwale 2025, palibe anabwera kudzakufunsa. Pofika Julayi, USAID, bungwe la boma la America lopereka thandizolo, inali itatsekedwa, a ku Britain nawonso atalengeza zochepetsa lawo. Kuno taziona ndi maso. Mtsikana uja ankayenda panjinga kukumbutsa anthu tsiku lokatenga ma ARV sakuonekanso. Azakhali ako mankhwala akulandirabe, koma amalawirira m'mamawa n'kubwerako dzuwa litapendeka, chifukwa owathandiza achepa. Tsono ndikudziwa kuti si iwe wekha wakhala pansi.

Koma za kusamuka banja lonse, pamenepo mtima wanga wakana.

Agogo ako anapita ku Wenela, kumigodi ya ku South Africa, atalonjeza zaka ziwiri. Anatchona. Ndinakula ndikuona amayi akusesa chipinda chawo, chipewa chili pamsomali. Chimene chinatisunga ndi munda, chifukwa sanaugulitse ponyamuka. Iwenso ukukumbuka mu 2015, boma litatumiza mabasi kukatenga anthu athu amene ankathamangitsidwa ku Durban. Ena anatsika ndi jumbo yokha m'manja. Amene anali ndi pofikira anagona m'nyumba usiku womwewo.

Ngati watsimikiza, pita wekha kaye, ndipo upite ndi mapepala. Pasipoti yokha ikupatsa masiku 30 ocheza, si chilolezo cha ntchito. Akatha masikuwo udzayamba kuyenda mozemba, ndipo sindikufuna kumva kuti uli ku Lindela, kumene amatsekera opanda mapepala, kudikira kubwezedwa. Nanga ana? Wamkuluyo alemba mayeso a sitandade 8 chaka chino. Umuzule pakati pa temu kuti akayambe kuti? Apongozi anga wawafunsa bwinobwino, kapena wangowauza?

Zaka zonse wagwira zija waphunzira kusunga mabuku ndi kuyendetsa anthu. Nzeru zimenezo sizinapite ndi pulojekiti. Yamba wagogoda kuno miyezi ingapo. Ana ndiwasunga ine ngati lendi yakukanika.

Bwera Loweruka ndi mapepala a puloti, amalume ako adzakhalapo. Usasaine chilichonse tisanaonane.

Ndine mayi ako.