Kafukufuku wa zipsera za m'minofu asaiwalike

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za matenda ofooketsa minofu a Duchenne muscular dystrophy. Nkhani zake zikamveka zimakhala za mankhwala okonza chibadwa basi, pomwe ine mtima wanga uli pa kafukufuku amene satchulidwa kawirikawiri, wochepetsa kutupa ndi zipsera m'minofu.

Matendawa amagwira makamaka anyamata, mmodzi mwa 3,500 mpaka 5,000 obadwa. Chifukwa cha vuto la chibadwa, matupi awo sapanga dystrophin, puloteni yoteteza minofu kuti isang'ambike pogwira ntchito, imene gulu la wasayansi Louis Kunkel linatulukira mu 1987. Mwana akamayenda, timinofu timang'ambika. Chitetezo cha m'thupi chimathamangirapo kukakonza, koma poti kung'ambika sikuleka, kutupa nakonso sikuleka, mpaka pomwe panali mnofu padzaze mafuta ndi zipsera.

Mwana wa mlongo wanga ali ndi matendawa. Akatumba ake ndi akuluakulu, olimba gwa ukawagwira, moti osadziwa amati adzakhala katswiri wa mpira. Koma muoneni akudzuka pansi. Amayamba wagwada, n'kutsamira manja pansi, kenako kugwira mawondo, ntchafu, kukwera thupi lake lomwe mpaka aime. Chimene chakulitsa akatumbawo si mphamvu ayi, ndi mafuta ndi zipsera zija.

Kwa zaka zambiri madokotala akhala akudalira mankhwala ochepetsa kutupa a prednisone ndi deflazacort. Mankhwalawa amathandizadi, mwana amayenda nthawi yotalikirapo asanafune njinga ya olumala, koma amanenepetsa, amafooketsa mafupa, amapinimbiritsanso msinkhu. Mlongo wanga amamumwetsa mwanayo akudziwa zonsezi, ndipo zimamudya mumtima.

N'chifukwa chake ndinalimbikitsidwa pamene bungwe loona za mankhwala la FDA ku America linavomereza vamorolone mu 2023, mankhwala olimbana ndi kutupa amene sabweza msinkhu ngati prednisone. Mu 2024 linavomerezanso givinostat wa kampani ya Italfarmaco ya ku Italy. Pa kafukufuku wa miyezi 18 wa anyamata 179, omwe ankamwa givinostat sankafooka msanga pokwera masitepe anayi ngati anzawo amene sankamwa. Sanachire, komatu kwa kholo, mwana kukwerabe yekha masitepe si nkhani yaing'ono. Mankhwala ena a pamrevlumab, omwe ankalimbana ndi zipsera zenizenizo, analephera mu 2023, ndipo ndikuopa kuti opereka ndalama angagwe mphwayi.

Asatero. Mankhwala okonza chibadwa amagwira ntchito pa mnofu umene udakalipo, sangasandutse chipsera kukhalanso mnofu. Mwana akataya minofu akudikira, mankhwalawo adzamupeza zinthu zitaipa kale.

Chonde, a Mkonzi, tumani atolankhani anu azitsatira kafukufukuyu. Auzenso makolo kuti mnyamata wa zaka zitatu kapena zinayi akamagwaigwa, kuyendera zala za kumapazi ndi kudzuka mogwira mawondo, apite naye kuchipatala akamuyeze magazi a CK, oonetsa ngati minofu ikuwonongeka, ayambe kuthandizidwa minofu isanathe.

Ine,
Malume wodera nkhawa