Lipoti la msonkhano wa abusa a asilikali uja

Abale ndi alongo, ndabwerako bwino. Tsiku loyamba zinali za mafomu ndi inshuwalansi, ndisaname, ndinawodzera. Koma lachiwiri lokhalo ndalama yanu inabwerera pomwepo.

Anatifotokozera nkhani ya Sgt. Patrick Stewart, msilikali wa ku Nevada kuno ku America, amene anafa mu 2005 ku Afghanistan helikopita yawo itawomberedwa. Iyeyu anali wa chipembedzo cha Wicca, ndiye mkazi wake atapempha kuti pachikumbutso chake ajambule chizindikiro chawo, nyenyezi ya nsonga zisanu mkati mwa chozungulira, boma linangoti zii, chonsecho mtanda, nyenyezi ya Ayuda, mwezi wa Asilamu zonse zinali zololedwa kalekale. Zinatengera kukhoti, a Circle Sanctuary, mpingo wa Wicca wa mayi Selena Fox, ndi bungwe la Americans United atasuma, ndipo a Veterans Affairs, nthambi ya boma yoona za asilikali akale, anagonja mu April 2007. Pofika 2013 analolanso hamala ya Thor, mulungu wa makolo akale a kumpoto kwa Ulaya, mu 2017 mndandanda wa zipembedzo za asilikali unapitirira 200. Ku Air Force Academy, sukulu ya asilikali a ndege ku Colorado Springs, a zipembedzo ngati Wicca mpaka anapatsidwa bwalo lawo la miyala paphiri.

Ndikudziwa ena pagulu pano mwayamba kale kuti ndinapita kukaphunzira ufiti. Ayi achimwene. Vuto ndi mau akuti witch, ife tikangomva timaganiza za kuuluka pa lichero ndi kudya maliro, pomwe awa amapembedza milungu yawo, kutsata mwezi ndi nyengo za chaka, basi. Ine chiphunzitso chawocho sindigwirizana nacho olo pang'ono, koma munthu wafera dziko, mukamanize mkazi wake kachizindikiro pa chiliza? Ana athu obadwira kuno akulowa usilikali, mawa wina akalemba chipembedzo cha makolo pa fomu tidzafuna amulemekeze.

Ndipo pamenepa ndilankhuleko, chifukwa zimandiwawabe. Chaka chatha tinalephera kusonkha ndalama yotumizira thupi kumudzi chifukwa choti malemu sanali a mpingo wathu, ena munachita kutuluka pa WhatsApp. Mpaka lero nkhaniyo sitinaikambe, ndikupempha ilowe pa ajenda Loweruka.

Gawo lomaliza linali la zisankho za komiti yawo, sizikutikhudza. Malisiti ndatumiza kwa asungichuma, alawansi inaperewera ndi 40 dollars ya mafuta, ndinatulutsa m'thumba mwanga.