Dandaulo: bedi la mafizo lawapatsa matenda amayi anga

Kwa inu akuluakulu a chipatala chomwe timadzachitirako mafizo kuno kuchigwa cha Shire. Ndalemba pano poyera chifukwa loko wa bokosi lanu la madandaulo anachita dzimbiri, zikuonetsa kuti palibe amalitsegula.

Amayi anga anathyoka mwendo atagwa pa kabaza. Anawachita opaleshoni ku Blantyre, n'kuwaika chitsulo, ndipo anatiuza kuti mafizo azidzachitira kwa inu. Anyamata anu ntchito amaidziwa, amayi anayamba kuponda, pamenepo sindikutsutsa. Nkhani yanga ndi bedi lija. Chikopa chake chinang'ambika pakati, siponji ili pamtunda, yakuda bii ndi thukuta. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, munthu akadzukapo amasiya ponyowa, wina n'kugona pomwepo osapukutapo. Ndinaona ndi maso anga bambo wina wa bala la shuga kuphazi akutsika, bandeji itanyowa, amayi n'kuuzidwa kuti akwere, chilonda chawo chisanapole. Zitsulo zogwirira pophunzira kuyenda, timatumba ta mchenga tomanga kumwendo, kampira kofinya m'manja, zonse zimangochoka kwa uyu kupita kwa uyo. Thawulo ndi limodzi. Pampopi sopo palibe.

Lero chilonda chikuchucha mafinya, mwendo watupa, usiku thupi limatentha. Atayeza mafinyawo anapeza Staphylococcus aureus. Tizilombo timeneti anthu ambiri abwinobwino amayenda nato pakhungu ndi m'mphuno, ndipo pansalu kapena papulasitiki timakhala ndi moyo masiku, ngakhale masabata. Tikalowa pabala pomwe pali chitsulo timamatirira pachitsulocho, mankhwala n'kumavutika kutifikira, mwinanso mpaka chitsulo kuchichotsa. Mtundu wina, wotchedwa MRSA, sumva mankhwala ambiri omwe tinawazolowera. Zimenezi inu munaziphunzira kusukulu, ine ndazidziwira pambali pa bedi la wodwala.

Nthawi ya kolera, mu 2022 ndi 2023, ndowa ya klorini inali pakhomo lililonse, mlonda osalola munthu kulowa asanasambe m'manja. Ndowazo zinapita kuti? Musatiuze za kuchepa kwa ndalama. Siponji yong'ambika singapukutike, koma osoka mipando ya njinga m'misika yathuyi angalikute bedilo ndi chikopa chatsopano tsiku limodzi. Kupukuta ndi klorini kapena sipiriti wodwala akangochokapo sikufuna msonkhano. Wa bala lotseguka mumangeni bwino kaye, ndipo muzimuona pomalizira.

Tsopano tikufunafuna ndalama yokwerera galimoto kudzera pa Thabwa kubwerera ku Blantyre, mbuzi yagulitsidwa kale, mafizo aima, bondo layambanso kuuma. Ndiyankheni pompano, anthu ena omwe amagona pabedi limenelo aone. Sabata ino ikatha muli chete, nkhaniyi ndikaitula kwa ombudsman wa chipatala, womva madandaulo a odwala, komanso ku Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira ntchito za madokotala, zithunzi za bedilo ndili nazo mufoni.