Biscuit wamwalira, Esnati

Mabvuku, Harare
Lamlungu usiku

Mnzanga Esnati,

Kalata yako ndalandira Lachinayi kwa mwana wa a Phiri woyendetsa thiraki uja. Usipa wafika theka. Iye akuti unafota m'njira. Usipa wouma kale ungafotenso pakati pa Mwanza ndi Nyamapanda? Ulendo wina phukusilo uzilembapo dzina la mpingo, mwina angaope.

Wafunsa za bambo a Tadala. Ndikuuza, koma ndiyambe ndi uthenga wa maliro: Biscuit wamwalira. Ndikuti wamwalira chifukwa kwa adona ku Borrowdale ukangoti galu wafa, ntchito yakuthera pomwepo. Adona alira masiku atatu, ine n'kumawaperekera tiyi kuchipinda ngati anamfedwa enieni. Ukumukumbukira, uja ankadya nkhuku yochotsa mafupa ife tikukazinga kapenta kuseri? Chimene sukudziwa n'chakuti galu ameneyu ankamwa mapiritsi a nkhawa. Usaseke. M'bindikiro wa Covid-19 utatha, abwana ndi adona atayambiranso kupita kuntchito, iye anayamba kulira pakhomo tsiku lonse ndi kutafuna mipando. Dokotala wa ziweto anati wasungulumwa. Womupatsa piritsi m'mawa uliwonse ndinali ine, nditakulunga mu tchizi. Ndinkamuyang'ana akumeza n'kumati chamumtima, iwe Biscuit, kwathu kuli munthu sagona tulo, ndipo palibe anamufunsapo.

Inu kumeneko ku Malawi m'bindikiro munangoumva pawailesi, khoti litauletsa mu Epulo 2020, choncho usadzandilemberenso kuti tonse tinavutika chimodzimodzi. Kuno unayamba pa 30 Malichi, a Mnangagwa atalengeza kuti ndi masiku 21. Masiku 21 amenewo anabereka ana ndi zidzukulu. Adona anandiuza kuti ndisankhe: kukhala m'kanyumba kakuseri osatuluka pageti, kapena kupita kwathu osalandira kanthu. Ukanakhala iwe ukanatani? Ndinatsala. Miyezi itatu ana anga ndinkangowamva pafoni.

Mkati mwa mpanda muja munali madzi a pachitsime chawo, magetsi a sola, intaneti, kapinga woti mbuzi khumi zingakhute. Mwana wawo wamkazi anali atabwera kuchokera ku yunivesite ku Cape Town, ndipo anadwaladi maganizo. Sindikumunyoza ayi. Ndinamupezapo atakhala pansi m'bafa akulira, tsitsi losapesa mlungu wathunthu, ndipo mtima unandiwawa ngati ndi wanga. Koma matenda ake anali ndi dzina lachizungu, anali ndi dokotala Lachiwiri lililonse pa Zoom, anali ndi chitseko choti atseke akafuna kulira. Ife m'nyumba tinkayenda monyang'ama kuti apume.

Tsono kuno. Zipinda ziwiri, bambo a Tadala, ana anayi ndi apongozi. Chisakasa chawo cha nsapato za kaunjika ku Mbare chinagwetsedwa mu Epulo momwemo pamodzi ndi za anzawo, iwo ali kunyumba, kumvera lamulo. Makombi, maminibasi a kuno, analetsedwa, kunatsala mabasi a boma a ZUPCO okha, ndipo pamsewu pankafunika kalata yosonyeza kuti ntchito yako ndi yofunikira. Wogulitsa nsapato zakale angamulembere ndani kalata? Wailesi inkati sambani m'manja pafupipafupi, talikiranani. Iwe ukuidziwa mipopi ya ku Mabvuku, kuti inauma ife tikadali atsikana. Tadala ankadzuka 3 koloko m'bandakucha kukaima pamjigo, ndipo pamzere paja ukasiya mpata wa mita imodzi, mumpatamo mulowa zigubu zisanu.

Ndi Tadala amene anandiuza kuti ababa sagona. Akuti ankakhala pakhonde usiku wonse akuwerenga zala, mwina ngongole, mwina nsapato. Kenako ukali. Munthu woti zaka zonsezi sanandikwezerepo mawu anaphwanya wailesi chifukwa ana ankamvera maphunziro a pawailesi iye akufuna chete. Zina sindilemba, mwana wa a Phiri amawerenga makalata a eni.

Chimene chinawamaliza ndi maliro a atsibweni awo mu Januwale 2021, nthawi imene 6 koloko madzulo aliyense amayenera kukhala ali m'nyumba. Pamaliro ankalola anthu 30 okha. Osagona pasiwa, osaona nkhope, gule sanatuluke, chonsecho malemuwo anali mkulu wa kudambwe. Ife ana a anthu obwera kuno tilibe mudzi woti tithawireko monga anachitira anzathu achishona ena; mudzi wathu ndi sosaite ya maliro ndi nyimbo za usiku. Bambo a Tadala ndi amene anaikidwa pageti kuwerenga anthu, n'kumabweza nkhalamba zimene zinawalera. Atabwerako anakhala milungu iwiri osalankhula.

Anzathu kuno amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri, ndipo tikatero nkhani yatha, timupatse phala. Mayi a Chisomo anandiuza za agogo a Friendship Bench, aja amakhala pabenchi kukiliniki n'kumamvetsera mavuto a anthu kwaulere. Anayambitsa ndi dokotala Dixon Chibanda ku Mbare komweko. Iwo anapitako mwamuna wawo atawathawira ku Joni, ndipo akuti anapepukidwa. Nditawauza bambo a kuno anati, "Ine ndevu zonsezi ndikalirire gogo pabenchi, anthu akudutsa?" Ndinatsala pang'ono kuwabera piritsi limodzi la Biscuit. Ndikunena zoona, Esnati, botolo ndinaligwira m'manja. Ndinangoopa kuti angayambe kundigwedezera mchira.

Panopa akugulitsanso, pansi, pa saka. Amadya, amapita kutchalitchi. Koma akamva lole ikuima amayamba kulongedza nsapato ngakhale ili ya buledi, ndipo usiku ndikatembenuka ndimapeza maso ali gwa kudenga. Mwana wa adona uja anachira, anakwatiwa, ali ku London. Ndimakondwera naye, Mulungu akudziwa.

Chitenje chija unalonjeza chili kuti? Kapena nachonso chinafota m'njira? Ndiponso usamandilembere pa pepala la m'kope la mwana, masamu a kuseri amandisokoneza, ndipo ambiri ndi olakwa.

Loweruka adona akukatenga kagalu kena, ndipo akuti dzina ndisankhe ine poti ndinkagwirizana ndi malemu. Ndaganiza zoti Kufungisisa, koma sangathe kuitana. Magetsi anapita masana, kandulo watsala chala chimodzi, ndipo ndikumva chitseko chakukhonde chatsekuka, ndiye kuti adzukanso. Ndimafuna ndikufunse, achimwene ako aja atabwera ku Joni ali duu, munawatengera kwa ndani, chifukwa ine apa