Lipoti la nthumwi: masheya a makampani opanga machip pamene mitengo ya zipangizo za kompyuta ikutsika

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Munatituma awiri ku msonkhano wa ogula masheya womwe unachitika muno mu Blantyre, ndipo munatipatsira funso limodzi: mitengo ya RAM (memory yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka), SSD (chosungiramo mafayilo) ndi malaputopu ikamatsika, masheya a makampani opanga machip (tizipangizo ting'onoting'ono toyendetsa kompyuta) tiziwathawa kapena tiziwagula? Zomwe tabwera nazo n'zakuti mtengo wa m'shopu usamatitsogolere, chifukwa masheya amayamba kusuntha miyezi ingapo mtengowo usanasinthe.

Makampaniwa sali m'gulu limodzi. Nvidia ndi AMD amangokonza mapulani a chip, koma amene amawapangira ndi TSMC ya ku Taiwan. ASML ya ku Netherlands imagulitsa makina kumafakitale, ndipo makina a EUV, opangira machip apamwamba kwambiri, imapanga ndi iyo yokha. Amene RAM ikatchipa amalira msanga ndi atatu: Samsung ndi SK Hynix a ku South Korea, ndi Micron ya ku America. Atatuwa ali ndi gawo loposa 90 peresenti la msika wa DRAM, mtundu wa machip opangira RAM.

Pamenepa tinakhalitsapo, pakuti ndi pomwe pagona nkhani. RAM ya kampani iyi ndi ya kampani iyo zimagwira ntchito mofanana, choncho wogula amangoona potchipa. Fakitale yatsopano imadya madola oposa 10 biliyoni ndipo imatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti iyambe kutulutsa katundu. Mtengo ukakoma onse amamanga nthawi imodzi, katundu n'kudzafikiranso limodzi, ngati tomato wa ku Bvumbwe akapsa m'madimba onse sabata imodzi. Kuzimitsa fakitale n'kovutanso: ndalama zambiri zinalowa kale m'makina, ndiye amapitiriza kupanga ngakhale akuluza.

Chitsanzo chomwe anatiyalira ndi cha 2022 ndi 2023. Nthawi ya Covid anthu anagula makompyuta ambiri, kenako malonda anazilala katundu atadzaza kale m'nyumba zosungira. Mu Seputembala 2022 Ethereum, ndalama ya pa intaneti, inasiya kukumbidwa (kupangidwa pa kompyuta) ndi makadi a zithunzi otchedwa GPU, makadi akale n'kusefukira pamsika. Micron inaluza madola 5.8 biliyoni m'chaka chake cha zachuma cha 2023, ndipo mu Epulo 2023 Samsung inalengeza kuti ichepetsa kupanga memory. Koma taonani masheya: mlozo wa Philadelphia, womwe umayeza mitengo ya masheya a makampani a machip, unagwa ndi pafupifupi 36 peresenti mu 2022, nkhani zoipa zisanafike pachimake, n'kukwera ndi pafupifupi 65 peresenti mu 2023, chaka chenicheni choluzacho. Amene anagulitsa atamva zoti makampani aluza anagulitsira pansi. Kukweraku kunathandizidwanso ndi kufunika kwa machip a AI (makompyuta otsanzira nzeru za munthu), kuphatikizapo memory yothamanga kwambiri ya HBM yomwe SK Hynix imagulitsa ku Nvidia.

Zoyenera kuyang'ana mu lipoti la kampani la miyezi itatu iliyonse ndi izi: masiku omwe katundu akukhala asanagulidwe akuchuluka kapena akuchepa, ndalama zomangira mafakitale azidula kapena ayi, ndipo phindu pa katundu aliyense lasiya kutsika kapena likutsikabe. Chenjezo lomwe tikuliona lofunika kwambiri ndi la P/E, nambala yomwe imapezeka pogawa mtengo wa sheya ndi phindu la kampani pa sheya iliyonse. Pa makampani a memory nambalayi imanamiza: imaoneka yaing'ono, ngati kuti sheya yatchipa, phindu likafika pamwamba, pamene kugwa kwayandikira.

Tsopano za kwathu kuno. Pa Malawi Stock Exchange palibe kampani yopanga machip, ndiye kugula kwake kumafuna broka (wogulira anthu masheya) wakunja ndi madola. Kutumiza ndalama kunja kumadutsa ku banki motsata malamulo a Reserve Bank of Malawi, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Za madola a pamsika wamseri tisaziganizire n'komwe. Boma la America limadula 30 peresenti pa dividendi (gawo la phindu lomwe kampani imapatsa eni masheya) ya mlendo, broka amafuna fomu ya W-8BEN yotsimikiza kuti munthu si wa ku America, ndipo ndalama zikakhala zochepa, mtengo wotumizira ku banki umadyeratu phindu.

Kwacha nayo imasokoneza maso. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wamalonda wa ku Limbe yemwe amaoda SSD ku Dubai akhoza kuigula motchipa m'madola koma pashelefu n'kuikweza m'makwacha. Mtengo wa pa kapepala kaja umatiuza za kwacha ndi msonkho wa pachipata kuposa za Micron.

Maganizo athu ndi akuti gulu lisaike ndalama pa kampani imodzi ya memory. Ngati tilowe, tilowe kudzera mu ETF (thumba la masheya logulidwa ngati sheya imodzi) yophatikiza makampani ambiri, monga SOXX kapena SMH, pang'onopang'ono, ndi ndalama zomwe sitizifuna kwa zaka zisanu. Za ngongole za mamembala ndi za maliro zisakhudzidwe. Tikumbukirenso kuti machip apamwamba ambiri amapangidwa ku Taiwan, ndipo mu Okutobala 2022 America inakhwimitsa malamulo ogulitsa machip ku China. Mkangano umenewo ukhoza kugwetsa ETF yonse tsiku limodzi.

Tikupempha kuti msungichuma akafunse ku banki yathu zikalata zofunika ndi mtengo wotumizira ndalama, adzatiuze pa msonkhano wa mwezi wamawa tisanavote.

Ife nthumwi zanu ziwiri