Inde warfarin anayamba ngati mankhwala a makoswe, koma imvani nkhani yonse

Akonzi,

Ndiloleni ndilembe za nkhani yomwe yandisowetsa tulo mwezi uno. Achemwali anga anawaika valuvu yachitsulo mumtima ku India zaka zapitazo ndipo madokotala anawauza kuti azimwa warfarin, mankhwala ochedwetsa magazi kuundana, tsiku lililonse mpaka kalekale, chifukwa magazi amakonda kuundana pa chitsulocho ndiye kachibulumwa kakathothoka nkupita ku ubongo basi ndi sitiroko. Ndiye wina wake pa gulu la WhatsApp anatumiza uthenga woti anthu inu mukumwa poizoni wa makoswe, azungu akukupusitsani. Achemwali anasiya kumwa masiku asanu osauza munthu. Ndinadziwa chifukwa ndinapeza kapepala ka mapilisi kali kodzaza pa windo pomwe amaika mswachi, nditawafunsa anangoyang'ana pansi nkunena kuti achimwene ine si khoswe.

Chowawa nchoti uthengawo sunali bodza lonse ayi. Warfarin anagulitsidwadi koyamba ngati mankhwala a makoswe. Koma amene anatumizayo anadula nkhani pakati, ndipo mbali yomwe anasiyayo ndi moyo wa munthu wina dzina lake Karl Paul Link, katswiri wa biochemistry (sayansi ya makemikolo a m'zamoyo) wa pa University of Wisconsin ku America, yemwe ine ndikuona kuti owerenga anu akuyenera kumudziwa.

Link anabadwa mu 1901 ku La Porte, Indiana, ndipo ntchito yake poyamba inali yofufuza shuga ndi zina za mu zomera, za magazi sanali nazo ntchito. Nthawi imeneyo alimi a kumpoto kwa America ndi ku Canada ankalira ndi matenda achilendo, ng'ombe ikangochekedwa pang'ono kapena kuidula nyanga imatuluka magazi mpaka kufa, zina zimangofa magazi atakhuthukira mkati. Dokotala wa ziweto Frank Schofield anali atapeza kale kuti vuto linali udzu wouma wa sweet clover womwe wachita chuku, koma chomwe chinali mu udzumo palibe amachidziwa.

Tsiku lina Loweruka mu February 1933 mlimi wina, Ed Carlson, anayendetsa galimoto mtunda wa makilomita pafupifupi 300 sinowo ikugwa, kuchoka ku Deer Park mpaka ku Madison komwe kuli yunivesite ija, atanyamula ng'ombe yakufa, mulu wa udzu woola uja ndi chigubu cha mkaka chodzaza magazi osaundana. Ofesi yomwe amafuna anaipeza yotseka, ndiye anangolowa pa khomo lomwe linali lotsegula nkupezamo Link. Ganizani inu, munthu wosauka ng'ombe zikutha m'khola, waima mu labu ndi chigubu cha magazi. Link analibe chomuthandiza nacho kupatula kumuuza kuti asiye kudyetsa udzuwo, pomwe mlimiyo analibe udzu wina. Anabwerera chimanjamanja. Apa mpomwe ine ndimamupatsira ulemu Link, sanaiwale mlimi uja, anatembenuza ntchito ya labu yake kuti apeze chinthucho.

Zinawatengera zaka zisanu ndi chimodzi. Amasungunula udzu, kupatula timadzi tosiyanasiyana, kumwetsa akalulu kenako nkuyeza kuti magazi a kalulu akutenga nthawi yaitali bwanji kuti aundane, mobwerezabwereza choncho chaka ndi chaka. Mu June 1939 wophunzira wake Harold Campbell anaona timibulu toyera pa maikulosikopu, tokwana mamiligalamu 6 okha, ndipo chaka chotsatira Mark Stahmann ndi anzake anazindikira kapangidwe kake nkukapanga okha mu labu. Anakatcha dicoumarol. Zinapezeka kuti mu sweet clover muli coumarin, yemwe amapatsa udzuwo kafungo kabwino ndipo payekha saletsa magazi kuundana, koma chuku chikalowa chimamusandutsa dicoumarol. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940 madokotala anali atayamba kale kupatsa odwala dicoumarol. Onani bwino apa akonzi, anthu anayamba kulandira mankhwala a mtundu umenewu makoswe asanalowe nkomwe mu nkhaniyi.

Za makoswe zinabwera chonchi. Mu 1945 Link anadwala TB nakagona kuchipatala miyezi yambiri, ndipo ali chigonere amawerenga za momwe anthu akhala akulimbirana ndi makoswe. Labu yake inali itapanga mankhwala oposa 100 ofanana ndi dicoumarol, iye anasankhapo nambala 42 yomwe inali yamphamvu kwambiri. Khoswe ndi wochenjera, akadya chinthu nkudwala pompo sabwereranso, koma mankhwala awa amagwira pang'onopang'ono ndiye khoswe amangodyabe. Anayamba kugulitsa mu 1948, dzina loti warfarin analitenga ku Wisconsin Alumni Research Foundation, bungwe lomwe limathandiza kafukufukuyo, nkuphatikiza ndi mathero a mawu oti coumarin.

Mu 1951 mnyamata wina yemwe amalowa usilikali ku America anamwa warfarin wambiri kufuna kudzipha, koma madokotala anamupulumutsa ndi vitamini K. Izi zinawatsegula maso kuti mankhwalawa ali ndi chowabweza, ndipo atawayesa anapeza kuti amagwira bwino kuposa dicoumarol. Mu 1954 analoledwa kwa anthu, mu 1955 pulezidenti wa America Dwight Eisenhower atadwala mtima anapatsidwa omwewa. Link anamwalira mu 1978, chaka chomwe akatswiri ena pa yunivesite yomweyo anaonetsa bwinobwino momwe warfarin amagwirira ntchito. Chiwindi chimafuna vitamini K kuti chipange zinthu zinayi zoundanitsa magazi, zomwe madokotala amazitcha factor II, VII, IX ndi X, ndipo thupi limagwiritsa ntchito vitamini K yemweyo mobwereza, limamukonzanso akatha ntchito. Warfarin amatseka pokonzera pamenepo. Ndiye magazi samasanduka madzi ngati momwe timanenera, amangochedwa kuundana, ndipo dokotala ndi amene amasankha kuti achedwe motani.

Nchifukwa chake pali kuyezetsa magazi kotchedwa INR, koona kuti magazi akuchedwa motani kuundana. Khoswe amadya mopanda mlingo ndipo palibe womuyeza, achemwali anga amamwa kapilisi koyezedwa ndipo magazi awo amayenera kuonedwa pafupipafupi kuti mlingo ukwezedwe kapena kutsitsidwa. Komanso anthu akamva mankhwala a makoswe kuno kwathu maganizo amathamangira ku tameki wa pamsika uja, yemwe ndi chinthu china kotheratu, amagwira mitsempha ndipo amapha msanga, alibe ubale uliwonse ndi warfarin.

Sindikunena kuti warfarin ndi wosewera naye. Akachuluka munthu amatuluka kamfuno kosaleka, magazi m'nkhama potsuka mkamwa, mikodzo yofiira kapena chimbudzi chakuda bii, zikatero thamangani kuchipatala. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga mimba auze dokotala msanga chifukwa amatha kuvulaza mwana m'mimba. Asipilini, bulufeni, maantibayotiki ena ngakhale zitsamba zimasokoneza mlingo. Ndipo masamba athuwa, nkhwani, mpiru, bonongwe, ali ndi vitamini K wambiri, sikuti musiye kudya ayi koma muzidya mofanana sabata ndi sabata, osati dzinja lino mbale yodzaza tsiku lililonse kenako chilimwe osalawa nkomwe. Izi achemwali anga anazimva kwa namwino patapita nthawi yaitali ali pa mankhwala, ndipo kangapo tapitapo kokayezetsa INR nkubwezedwa kuti zoyezera zatha, ndalama ya minibasi itapita kale. Munthu wotere akalandira uthenga wa pa WhatsApp woopseza, amuletsa ndani kuukhulupirira?

Pempho langa kwa inu akonzi ndi loti tsamba lanu la zaumoyo lizilemba nkhani ngati iyi mu Chichewa, ndi mbiri yake yonse, chifukwa odwala mtima omwe anayamba ndi zilonda zapakhosi ali ana alipo ambiri m'makomomu ndipo ena mwa iwo ali pa warfarin. A unduna wa zaumoyo nawo aonetsetse kuti zoyezera INR zikupezeka mpaka m'zipatala za m'maboma.

Achemwali ndinawafotokozera zonsezi titakhala pakhonde, za mlimi uja ndi chigubu chake, mawa lake tinapita kuchipatala kukaulula kuti anadumphitsa masiku asanu. Anawayeza, anawayambitsanso mankhwala ndipo atiuza kuti tibwerenso Lachinayi.

Ine wowerenga wanu,
ku Ndirande, Blantyre